Mnyanga Womata ndi Guluu

Tsiku limene anakumana, mtsikanayo anali atatopa kale dzuwa lisanafike pamutu. Shopu ya zidole ya azakhali ake inali yopanikizika, pakati pa saluni ndi kachipinda kokonzera mafoni, ndipo kuyambira m'mawa ankangopukuta fumbi pa katundu amene anthu amangomuyang'ana n'kudutsa.

Kenako kunalowa mnyamata wamtali, chikwama cha laputopu kumsana. Sanayang'ane mipira kapena tigalimoto. Analunjika ku shelefu ya kumapeto, kumene kunkakhala tinyama ta pulasitiki ta makedzana, madayinoso ndi anzake.

"Sisi, iyi mwaiimika molakwika. Mchira umayenera kukhala m'mwamba."

"Nkhukuyo?"

Mnyamatayo anatembenuka ngati wamutukwanira makolo. "Mwati nkhuku?"

"Ili ndi nthenga, ili ndi miyendo iwiri. Nanga n'chiyani?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Kenako anayamba kufotokoza za nthenga, za mafupa okumbidwa pansi, za zala zitatu osati zinayi. Mtsikanayo sanamve zambiri. Ankangoona mmene maso a munthuyu ankawalira. Pomaliza anagula ziwiri zofanana ndendende.

"Muli ndi mapasa kunyumba?"

"Ndilibe mwana ine. Imodzi ndi yotsegula, yoika pa shelefu anthu aziona. Inayi imakhala m'bokosi, yosakhudzidwa. Ndi lamulo lathu ife otolera zimenezi."

"Mulipo ambiri odwala matenda amenewa?"

"Gulupu yathunthu. Ndipatseni nambala ndikuikenimo, Kanthenga."

Dzina linayambira pomwepo, ndipo linakakamira.

Mu gulupumo mnyamatayo ankadziwika kuti Mafupa. Munali anthu akuluakulu ndithu, ena manesi, ena madalaivala, wina mphunzitsi wopuma ntchito, onse kukangana za mano a chidole ngati nkhani ya malire a munda. Munalinso mkazi wina wotchedwa Madamu Mashelefu, amene ankajambula mavidiyo akutsegula mabokosi. Iyeyo akanena kuti chidole n'chabwino, onse ankagula. Akakwinya mphuno, basi chatha.

Kanthenga zonsezo analibe nazo ntchito. Iye ankadikira mameseji a kumbali.

"Wadzuka bwanji Kanthenga kanga? Dzulo ndakulota uli ndi mchira m'mwamba."

"Iwe ndiwe wopenga eti?"

"Wopenga nawe, bebi. Siliyasi, usanabwere iwe mtima wanga unali fosilo."

"Fosilo n'chiyaninso?"

"Chinthu chakufa kalekale, chouma gwa. Iwe wachifukula."

Ndani sangasungunuke? Mtsikana amene tsiku lonse amangomva "muli ndi mabatire?" lero akutchedwa wofukula mitima?

Ankakumana pa benchi kuseri kwa shopu, pafupi ndi mapaipi a saluni. Mafupa ankabwera ndi botolo limodzi la zakumwa, mastirowo awiri, ndi malonjezo odzaza thumba. "Tsiku lina ndidzakukhomera shelefu yakoyako m'nyumba mwathu, ya magetsi ake." "Iwe ndiye womaliza, switi, kutsogoloku kulibenso wina." Ankamugwira dzanja, kulisisita, kwinaku maso ali pa foni kuona ngati kampani yatulutsa chithunzi chatsopano.

Kunyumba kwake sanamutengereko. "Kuli fumbi, dali, ndikonze kaye." Pa gulupu ankamuyankha ngati mlendo. "Anthu aja ndi amiseche, tisawapatse nkhani. Zathu n'zathu."

Kanthenga ankangoti chabwino. Chikondi chimafuna kupirira, si choncho?

Ndiye kampani ina yopanga tinyamati inaponya chithunzi cha mthunzi wokha, chinthu cha minyanga italiitali, n'kulemba kuti chikubwera. Gulupu inayaka moto.

"Njovu yaubweya imeneyo, ndalumbira."

"Minyanga yapindika kwambiri. Ayamba kale kulakwitsa."

"Inu mwaona mthunzi wokha mwayamba kale kudandaula?"

"Chaka chatha anatilonjeza kambuku wa mano aatali, anatipatsa pusi wonenepa. Ine ndatopa nawo."

"Watopa koma ugula."

"Ndigula, ziwiri. Koma ndatopa."

Foni ya Kanthenga inkangonjenjemera m'thumba la epuloni mpaka batire kutha.

Patapita masiku, azakhali anabwera ndi kabokosi kopanda chithunzi, atakafungatira ngati khanda. Kampani ija inkatumiza sampulo imodzi kwa mashopu amene inkawadalira, kuti aione asanaode.

"Mwana wa achimwene, tamvera bwino," anatero azakhali. "Ichi munthu asachione mpaka tsiku limene eni ake anena. Akangodziwa kuti chatulukira muno, katundu wawo sitidzamuonanso. Shelefu ya kumapeto ija ndi imene imatidyetsa, wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Atatsala yekha m'sitolo yosungiramo katundu, anatsegula kuti angoona. Inalidi njovu yaubweya, yolemera m'manja, ya maso achisoni. Poibweza inaterereka. Phwa, pa simenti. Mnyanga wa kumanzere uko.

Anathamangira kwa wokonza mafoni kukapempha guluu, n'kumata. Panatsala kamzere koyera kunsi, pamene mnyanga umalowa m'tsaya. Penti analibe. Anayang'ana zikhadabo zake, n'kutulutsa kabotolo ka kyutekisi m'chikwama, wa mtundu wofiirira wopita ku papo, yemweyo amene ankapaka sabata ndi sabata. Kadontho kamodzi, mzere unabisika. Munthu akanauona pokhapokha ataigadabuza njovuyo.

Za kuthyokako sanauze aliyense. Koma za sampulo, pakamwa panaterereka madzulo omwewo pa benchi.

Mafupa anaika foni pansi. Kanali koyamba.

"Ili mmenemu? Panopa?"

"Iwala, ndangolankhula."

"Kanthenga kanga. Mtima wanga. Wikendi imodzi yokha, ndingoiona ndi maso angawa. Sindijambula, sindiuza munthu. Lolemba m'mawa ili pano iwe usanatsegule."

"Azakhali angandiphe."

"Ndiye kuti sundikhulupirira? Munthu amene udzagone naye nyumba imodzi?"

Mawu amenewo ndi amene anamumaliza. Loweruka potseka anaikulunga mu juzi yake, n'kumupatsa. Bokosi lopanda kanthu analimata selotepi n'kulibwezera pamwamba pa shelefu ya m'sitolo.

Lolemba linafika, Mafupa osaoneka.

"Bebi uli kuti?"

"Bize pang'ono, mawa shuwa."

Mawa lake, zomwezo. "Sole switi, bwana wandipanikiza." Tsiku linalo meseji inawerengedwa koma yankho ayi. Ankamuona ali onilaini, akuseka pa gulupu za miyendo ya dayinoso ina, koma kumbali kuli zii. Azakhali akangoyandikira chitseko cha sitolo, Kanthenga ankathamangira kukawatengera yekha chimene akufuna. Kudya kunamukanika. Anatopa ndi kuyang'ana pakhomo, anatopa ndi kuyang'ana foni, anatopa ndi kumupezera zifukwa munthu.

Lachinayi masana, shopu ili phee, foni inayamba kunjenjemera mosalekeza. Madamu Mashelefu anali ataponya vidiyo. Pamwamba analemba kuti: "Kampani idikire tsiku lake. Ine ndaigwira kale."

Kanthenga anatsegula vidiyoyo.

Madamu anali atakhala patsogolo pa mashelefu ake owala magetsi, njovu ili m'manja. Anaizunguza, anayamikira ubweya, anadandaula kuti makutu achepa. Kenako anachita zimene otolera onse amachita akagwira chidole chatsopano: anaigadabuza kuti aonetse chidindo cha kampani pamimba. Anaima. Anaiyandikitsa ku kamera.

"Koma abale, taonani apa. Kunsi kwa mnyanga uku. Penti wanji ameneyu? Papo pa njovu? Kampani yayamba ulesi."

Kadontho kaja kanadzaza sikirini yonse.

Gulupu inagwa nayo nkhaniyo ngati mvula.

"Ndinanena ine. Fakitale yawo ilibe oyang'anira."

"Mwina njovu zakale zinali ndi nkhama za papo, tisaweruze msanga."

"Inu aphunzitsi, musawaikire kumbuyo."

"Ine oda yanga ndaimitsa kaye."

"Madamu, mwaipeza kuti isanatuluke?"

Yankho linabwera ndi chithunzi. Dzanja la Madamu litagona pamsana pa njovu, pachala pali mphete yatsopano.

"Ena amafunsira ndi mphete yokha. Wanga wabwera ndi mphete ndi njovu. Ndikanakana bwanji?"

Ndipo pansi pake, Mafupa anaika kamtima kofiira, n'kulemba kuti: "Chilichonse chifukwa cha iwe, mfumukazi yanga."

"Mafupa wagwira ntchito!"

"Zaka zonsezi mukubisa, lero mwaulula."

"Ukwati wake keke ikhale ya dayinoso."

Zaka zonsezi? Kanthenga anawerenga mawu amenewo kawiri. Sanalire. Anangokhala pa katoni ya mipira, foni ili pamwendo, ikunjenjemerabe ndi mafuno abwino a anthu.

Vidiyo inayenda mofulumira kuposa mmene aliyense ankaganizira. M'mawa mwake kampani inaimbira mashopu onse amene analandira sampulo, aliyense aonetse yake. Azakhali anakwera pa mpando, anatsitsa bokosi, anamva kupepuka kwake asanadule n'komwe selotepi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Anali mwamuna?"

"Eya, azakhali."

"Wachikwama kumsana uja?"

Kanthenga anagwedeza mutu kuvomera.

Azakhali anakhala pansi, n'kuvula magalasi, n'kutikita maso. "Ine ndakalamba, mwana wa achimwene. Ndilibe mphamvu zokuthamangitsa. Katenge makatoni, tichotse za pa shelefu ija. Eni ake akuti tibweze zonse."

Anali pakati pa ntchito imeneyo pamene Mafupa analowa, juzi ija ili m'manja. Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutuluka kupita ku saluni.

"Kanthenga kanga, ndabweretsa. Ili bwinobwino, ona."

Anatulutsa njovu m'juzimo n'kuiimika pa kauntala. Mtsikanayo anapitiriza kukulunga madayinoso m'mapepala.

"Bebi, ndimvere kaye. Zija za pa gulupu n'zovuta kufotokoza. Ine ndi Madamu tinayamba kalekale, makolo akudziwana, sindikanangosiya. Koma iwe ndiwe wina. Iwe ndiwe wapadera."

"Wapadera bwanji?"

"Iwe sindifuna anthu azikuona, azikukamba, azikugwiragwira ndi pakamwa pawo. Ndimafuna ukhale wanga ndekha, wosungika."

Kanthenga anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "M'bokosi."

"Sindinatero."

"Unatero tsiku loyamba lomwe. Ine ndi amene sindinamve."

Mafupa anakanda m'mutu. Anayang'ana makatoni, anayang'ana shelefu imene inali itayamba kuoneka matabwa. "Mukusamutsa?"

"Tikubweza. Kampani yatichotsa."

"Chifukwa cha kavidiyo? Iwowo ndi amene akuyenera kupepesa, ndi penti wawo wonyansa uja. Munthu ungaike papo pa mnyanga?"

Apa mpamene mtsikanayo anasiya kukulunga. Anabwera pa kauntala, anaigadabuza njovu ija mofatsa, n'kugoneka dzanja lake pambali pake, zikhadabo zitayandikana ndi kadontho kaja.

Mtundu umodzi. Ndendende.

Mafupa anayang'ana mnyanga. Anayang'ana zala. Anayang'ananso mnyanga.

"Ndinaigwetsa ine, ndinamata ine, ndinapaka ine," anatero Kanthenga, mawu ali pansipansi. "Iwe umatha kuwerenga zala za dayinoso pa chithunzi cha mthunzi. Umadziwa kuti diso la chidole lapendekeka uli pakhomo. Dzanja ili wakhala ukuligwira miyezi yonseyi pa benchi paja. Sunaonepo mtundu wa zikhadabo zanga?"

Kunja, makina oumitsira tsitsi a ku saluni ankangolira.

"Sole," anatero Mafupa pomaliza.

"Chabwino."

"Ndiye... basi?"

"Basi."

Anafika pakhomo, n'kuima, dzanja lili pa chitseko. Mtima wopusa wa Kanthenga unadumpha kamodzi. Mwina atembenuka anene chinachake chenicheni? Mwina kamodzi kokha?

"Ndingofunsa," anatero Mafupa osamuyang'ana. "Zikatuluka... ziwiri zanga zija, ndiye kuti ndikaode kwina?"

"Kwina, akasitomala. Muno zatha."

Chitseko chinatsekeka.

Kanthenga anaibweza njovu m'bokosi lake, anamata selotepi. Anatsegula foni. Gulupu inali ikukanganabe ngati njovu zakale zinali ndi nkhama za papo, ndipo aphunzitsi anali atabweretsa zithunzi za mafupa kuti atsimikize. Anadina potulukira. Palibe amene anafunsa kuti watuluka ndani.

Azakhali atabwerako ku saluni anamupeza atakhala pa katoni, juzi ija ili pamwendo. Anamuponyera kabotolo ndi thonje zimene anabwereka kwa atsikana a tsitsi.

"Akuti ichi chimachotsa kyutekisi msanga," anatero. "Ukamaliza, ubwere undigwirire shelefu. Tiikapo mabotolo a makanda."

Mtsikanayo ananyowetsa thonje, n'kuyamba ndi chala chaching'ono.