Coy Halcomb ndi Maikolofoni Imodzi

Nyumba ya a Estill Halcomb, kumtunda kwa chigwa china kum'mawa kwa Kentucky, inali nyumba ya mapemphero ndi nyimbo. Fumbi la mu mgodi wa malasha linali litawadya mapapo bambowo, moti nyimbo sankaimaliza osatsokomola. Komabe ana awo awiri anawaphunzitsa kuyimba asanadziwe n'kuwerenga komwe. Nola, mwana wamkazi woyamba, ankaliza gitala ndi kutsogolera nyimbo. Coy, mlongo wake wamng'ono, anatenga banjo. Amayi awo, a Verna, amene anandifotokozera zambiri za nkhaniyi, amati zala za mwanayo zinali mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo akamatero amapukusa mutu.

Anawo atasinkhuka anatenga asuweni awo awiri, Wendell woliza mandolini ndi Arlie woliza bezi, n'kuyambitsa gulu loimba nyimbo zakumudzi zotchedwa bluegrass. Anayambira m'matchalitchi ndi pa misonkhano ya mabanja. Chaka chisanathe, ankaitanidwa m'maboma atatu.

Kulikonse kumene ankapita, pansanja pankakhala maikolofoni imodzi yokha, onse anayi n'kuizungulira. Nthawi yako ikakwana unkasendera kutsogolo, kuonetsa luso lako, kenako n'kubwerera m'mbuyo kuti mnzako alowe. A Estill ankawayesetsa zimenezi pakhonde, ataimika tsache m'chidebe m'malo mwa maikolofoni.

"Kulowa aliyense amatha," ankatero. "Woyimba timamuonera potuluka."

Coy ankayankha kuti wamva.

Tsiku lina masana, pa chikondwerero cha nyimbo, Coy anakumana ndi Dewey kuseri kwa magalimoto. Dewey ankagulitsa kachasu wa chimanga m'mabotolo a jamu, ndipo pakamwa pake panali potsekemera kuposa jamuyo.

"Aise, si iwe uja wa banjo? Nanga bwanji amakubisa kumbuyo ngati mwana wamasiye? Anthu onsewa abwerera iwe. Enawo ndi ongokunyamulira zikwama." Anatsegula botolo n'kumupatsira. "Menya pang'ono, zala zimasuke."

Coy anamenya. Madzulo a tsikulo analiza banjo mothamanga kuposa kale lonse, anthu n'kuimba mluzu ndi kuponda pansi. Mluzu umenewo unamulowa m'mutu kuposa kachasuyo.

Kuyambira pamenepo gululo silinaonenso mtendere. Coy ankayamba nyimbo bwinobwino, koma ikafika pakati ankaithamangitsa mpaka Nola kusowa popumira, mawu n'kumaphonyana m'kamwa. Arlie ankadandaula kuti kumutsatira Coy kuli ngati kuthamangitsa mwana wa ng'ombe pamtsetse. Coy akalowa pa maikolofoni sankatulukapo. M'malo mwa chigawo chimodzi ankaliza ziwiri, nthawi zina zitatu. Wendell ankati akasendera kutsogolo nthawi yake itakwana, ankangopeza msana. Anafika ponena kuti msana wa malaya a Coy akuudziwa bwino kuposa nkhope ya chibwenzi chake.

Akamudzudzula pobwerera m'galimoto, Coy ankangofunsa kuti kodi anthu aja amaombera m'manja ndani.

Lolemba lina a Verna anapeza botolo m'bokosi la banjo, litakulungidwa mu sokosi. Analiika patebulo pakati pa nyemba ndi chigumu, n'kudikira. Coy anati ndi mankhwala opukutira nsambo.

"Ndiye kuti nsambozo zili pakhosi pako?" anafunsa amayiwo. "Mwana iwe, ndakubala ndine. Bodza lako ndimalimva lisanatuluke."

A Estill anayamba kulankhula, chifuwa n'kuwadula. Atapuma anangomuuza kuti mphatso imene sipereka mpata kwa ena imasanduka katundu, ndipo tsiku lina anzake adzatopa kumusenza. Coy anadya nyemba zake n'kutuluka. A Verna amati tsiku limenelo anapemphera akutsuka mbale, koma pemphero lake linali lodzaza ndi madandaulo, moti anachita kupepesa kwa Ambuye pomaliza.

Kenako kunabwera uthenga woti mkulu wina wa wailesi adzafika pa chikondwerero cha mu Ogasiti kudzasankha gulu loti liziimba pa wailesiyo Loweruka lililonse m'mawa. Nola anamuitanira Coy kuseri kwa nkhokwe ya fodya. Anamuuza kuti Wendell ndi Arlie akufuna kumuchotsa, koma iye wamupemphera mwayi umodzi. Akadzanunkha mowa, kapena akadzakana kubwerera m'mbuyo, ndiye kuti m'gulumo watuluka.

"Mungandichotse ine?" anatero Coy akuseka. "Chemwali, popanda ine muzikaimbira nkhuku."

Gululo linali ndi mwambo wotsekera ndi nyimbo ya Mulungu. Zoimbira zonse ankaziika pansi kupatula gitala, zipewa n'kuvula, mitu inayi n'kuyandikana pa maikolofoni. Coy ankagwira mawu apakati, aja munthu sawamva akakhalapo koma amawasowa akachoka. Iye ankadana nawo mawu amenewo.

Tsiku la chikondwererocho litafika, Dewey anamupeza Coy asanakwere pansanja.

"Lero ndi lero, mfumu. Wa wailesi uja ndi uyo, mzere wachiwiri, chipewa choyera. Ukangomung'ung'udzira kumbuyo ngati njuchi, akakukumbukira chiyani?"

Coy anamwa theka la botolo, n'kutafuna masamba a timbewu tonunkhira kuti Nola asamve.

Nyimbo zinayi zoyamba zinayenda, ngakhale Arlie thukuta linali kamukamu. Itakwana yomaliza, Wendell anaika mandolini pansi. Zipewa zinavulidwa pansanja, amuna a m'khamumo nawonso anavula zawo. Coy yekha anatsala ndi chipewa kumutu, banjo ili pachifuwa.

"Tula," ananong'ona Nola.

Coy anayang'ana kumbali. Ndime yoyamba anaimba atatu okha, pakati pali mpata. Itayamba yachiwiri, Coy anadzipanikiza pakati pa Wendell ndi Nola kuti afike kutsogolo. Potembenuka, mutu wa banjo unamumenya Nola pakamwa. Iye sanaone n'komwe. Anali atatsinzina, zala zikuthamanga, nyimbo ya pemphero ataisandutsa ya gule, akudikira mluzu.

Mluzu sunabwere. Atatsegula maso anaona okalamba akupinda mipando yawo. Nola anali atagwira pakamwa, magazi akudontha pa diresi. Ndipo pakati pa anthuwo a Estill ankabwera pang'onopang'ono, akuima kuti atsokomole, n'kuyendanso, mpaka anafika m'munsi mwa nsanja. Sanakweze mawu.

"Tsika, mwana wanga."

Coy anatsika.

Mkulu wa wailesi uja anawapeza atatuwo kumbuyo, a Verna akumuika Nola madzi oundana pamlomo. Anati mawu amene anamva mu ndime yoyamba amukwanira. Abwere Loweruka lotsatira mlomo ukapola, koma abwere ndi woliza banjo wina.

Mowa unali utamuthera Coy. Anapepesa, analira, analumbira kuti botolo sadzaligwiranso. Nola anamumvetsera mpaka anamaliza, dzino lakutsogolo litabenthuka.

"Kukhululuka ndakukhululukira, Coy. Koma maikolofoni ndi imodzi, ndipo sindingamaimbe ndikutchinga mano."

Coy anapita kukamufuna Dewey kuti mwina amutonthoze. Anamupeza kuseri kwa magalimoto, atakoleka dzanja paphewa la woliza vayolini wa gulu lina, akumuuza kuti anthu onsewa abwerera iye.

Coy anamwa miyezi itatu yotsatira, akuuza aliyense kuti gululo lifa Khirisimasi isanafike. Silinafe. Anzake aja anapeza mtsikana wina wa ku Virginia, woliza banjo mofatsa, wodziwa kulowa ndi kutuluka. Wailesi inawatchukitsa, ndipo anayamba kuitanidwa mpaka ku Ohio ndi ku Tennessee. Mu Januwale, Lamlungu lina kukugwa chipale chofewa, Coy anaimirira pamaso pa mpingo n'kuulula zonse, osabisa botolo, osabisa kudzikuza. Mpingo unamulandira ndi manja awiri. Ntchito anaipeza ku makina ochekera matabwa, ndipo mowa sanaulawenso. Koma malo ake m'gulu muja anali atakhala kale wina, ndipo panalibe chifukwa chomuchotsera.

A Verna amati Loweruka m'mawa akatsegula wailesi, Coy amakhala patebulo khofi akuzizira m'kapu, kumvetsera mpaka nyimbo yotsekera, kenako n'kuvala nsapato kupita kuntchito.

Ndalemba monga ndinamvera, ndipo ndimamupempherera mnyamatayu. Koma inu achinyamata amene Mulungu wakupatsani luso, imvani. Kudzikuza ndi mowa zimayendera limodzi, ndipo wokuuzani kuti anzanu ndi ongokunyamulirani zikwama sakufunirani zabwino. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mukalapa, Ambuye adzakukhululukirani, abale anunso adzatero. Koma malo amene mwawataya ndi manja anu, si nthawi zonse mudzawapeza akukudikirani.