Chinthu Chopuma M'nyumba mwa Atelala

Choyamba kudabwitsa mayi atelala chinali supuni yamtengo. Madzulo aliwonse ankaitsuka, kuipukuta mpaka iume gwa, n'kuipachika pamsomali pafupi ndi windo la kukhitchini. Koma m'mawa wina anaipeza yonyowa, kadontho ka madzi kali lende kunsonga kwake. Denga silinkadontha, ndipo m'nyumbamo ankakhala awiri okha, iwo ndi amuna awo, amene pa nthawiyo anali akuliza mkonono kuchipinda. Mayiwo anaigwira, anainunkhiza, kenako anangoti mwina ukalamba wayamba kuwaiwalitsa, n'kuvundulira phala lawo la mpunga.

Kunena zoona, chaka chimenecho chinali chokoma kuposa zonse m'banjamo. Kwa zaka zambiri m'mimba mwa mayiwo munali nkhondo. Ankatupa, ankatsegula, ankamva chizungulire akangoweramira pamakina osokera, ndipo anaonda mpaka madiresi odzisokera okha ankangowalendewera. Ena ankati ndi njoka zam'mimba, ena ankati alodzedwa. Pomalizira dokotala wina anawayeza magazi, n'kuwalowetsa kachubu kukhosi kuti atenge kachidutswa ka matumbo, ndipo anabwera ndi yankho lachilendo.

"Amayi, matenda anu ndi siliyaki. Mu tirigu muli chinthu chomata chotchedwa gilateni, ndipo thupi lanu likachiona limadziukira lokha n'kumakwapula matumbo. Mankhwala ake ndi amodzi basi: tirigu asalowenso m'kamwa mwanu, ngakhale kanyenyeswa."

Mayiwo anaseka mpaka misozi, chifukwa amuna awo anali ophika buledi. Anthu ankawatchula kuti a Mbandakucha, poti moyo wawo wonse ankadzuka tambala asanalire kukakanda ufa. Koma bambowo sanaseke. Anagulitsa bekale yawo, anataya masefa, mabeseni ndi thabwa lokandira, anakwecha khitchini yonse ndi manja awo. M'nyumbamo munatsala mpunga, mbatata, nyemba, mazira ndi zipatso. Posakhalitsa masaya a mayiwo anabwerera, chizungulire chinatha, ndipo ankapalasa makina akuimba. Anali osangalala, ndipo sankabisa.

Ndiye mungamvetse mantha awo pamene, patangopita masiku ochepa chionereni supuni ija, m'mimba munayambanso kulira kulira kwake kwakale kuja. Kunali kwapansipansi, koma mlendo woipa sumuiwala mayendedwe. Anawerenganso zolembedwa pamapaketi onse a m'kabati, anafunsa wogulitsa zokometsera ndiwo, anasiya ngakhale tiyi wa kwa makasitomala. Sanapeze cholakwa.

Usiku wina anadzidzimuka kunja kuli zii, kulibe ngakhale galu wouwa. Mdima unali wandiweyani moti katani ndi khoma zinali chimodzi. Ndipo kuchokera mbali ya kukhitchini kunamveka kugogoda kofooka, ngati kwa munthu wopanda mphamvu: kho. Panapita kanthawi kotalika. Kho. Pakati pa kugogodako pankamveka kena kake kocheperapo, konyowa, ngati mpweya wotuluka pakamwa potseka.

Anatambasula dzanja. A Mbandakucha anali pomwepo, ofunda bwinobwino.

"Bambo," ananong'ona. "Bambo, mukumva?"

"Makoswe amenewo, mayi. Gonani."

"Khoswe amapuma choncho?"

Mayiwo anamva kuti thupi la bambowo lauma, ndipo mkonono sunabwerenso mpaka kucha.

Mawa lake mayi oyandikana nawo nyumba, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Wailesi chifukwa sankazima, anasuzumira pampanda atagwira tsache.

"Anzanga, ine sindikonda kulankhula," anayamba motero, monga mwa masiku onse. "Koma pakati pa usiku m'khitchini mwanu mumayaka kanyali. Ndinaona chinthu chitawerama, manja ake oyera mbee. Anthu akuti ndi malemu apongozi anu aamuna. Paja ndi amene anayambitsa bekale ija? Akuti akwiya kuti mwana wawo wathamangitsa buledi m'nyumba chifukwa cha mkazi."

"Anthu ake ati?"

"Anthu basi."

Mayi atelala anaseka, koma mawuwo anawabaya. Mumtima mwawo munali kale kachisoni koti mwamuna anasiya ntchito ya makolo ake chifukwa cha matumbo awo. Tsiku limenelo anasoka mkono wa malaya chozondotsa, n'kuphwasula.

Usiku wotsatira kugogoda kunabweranso, ndipo tsopano kunabwera ndi fungo. Linali lowawasa, ngati la chipatso chimene chayamba kusasa, ndipo linkakwawa pansi pa chitseko. M'mawa supuni inali yonyowa. Usiku winanso chimodzimodzi. Zilonda zam'kamwa zimene zinkawavuta kale zinabwerera, lamba wa siketi anayamba kukhwepa. Atapita kuchipatala, dokotala anayang'ana zotsatira za magazi n'kupukusa mutu.

"Tirigu akulowa penapake, amayi. Mukapanda kumupeza, tibwerera kumene tinachokera."

Kubwerera kumeneko ndi kumene mayiwo sankafuna. Mzukwa ankauopa, inde, koma zaka zija za kugona chopinda ankaziopa koposa.

Choncho usiku umenewo, kugogoda kutayamba, sanadzutse munthu. Anatsetsereka pabedi, simenti ikuwazizira kumapazi, n'kuyenda chopapasa khoma. M'khitchini munali bata, mwezi utaponya kachigamba kotuwa pasinki. Phokosolo silinkachokera mmenemo. Linkachokera kuseri, m'kakhonde kopapatiza kumene kunaima filiji yakufa imene amuna awo ankasungiramo misomali, mawaya ndi zitini za penti. Kho. Fungo lija linali lamphamvu moti linawakereketa pakhosi. Anagwira chogwirira cha filijiyo, anatchula dzina la Mulungu, n'kukoka.

Pashelefu yapansi, kuseri kwa zitini, panali botolo lalikulu lagalasi. Mkati mwake munali chinthu chotuwa, chonenepa, chodzaza timaso tambirimbiri, ndipo chinkayenda. Chinkafufuma pang'onopang'ono, kaso kamodzi n'kuphulika, kena n'kutseguka. Chivindikiro chinanyamuka chokha, chinatulutsa mpweya, n'kugwera pagalasi. Kho.

"Musamuvulaze," anatero mawu kumbuyo kwawo.

Mayiwo anakuwa moti agalu a msewu wonse anayankha. Atatembenuka anapeza a Mbandakucha ali chiimire ndi kabudula wogonera, tochi ili m'manja, nkhope ngati ya mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Ndani ameneyu?"

"Ndi chotupitsa cha bambo anga, mayi. Anachiyamba ine ndisanabadwe. Ufa ndi madzi basi, koma ndi chamoyo, chimafuna kudya tsiku lililonse. Amene anagula bekale ankachisunga, koma mwezi watha anandiitana kuti iye akugwiritsa ntchito yisiti ya m'paketi, ndikapanda kuchitenga achithira m'ngalande." Analoza botololo ndi tochi. "Ndimachidyetsa mukagona. Chikakhuta chimafufuma, ndiye kugogodako. Koma ndimasamala, mayi! Ufa uli m'chitini chotseka, ndimasamba m'manja, sindichiyandikitsa ku chakudya chanu."

"Mumavundulira chiyani?"

"Paja bambo ankati chitsulo chisachikhudze, chimafa. Ndiye poti zamtengo zanga ndinataya..." Anayang'ana kukhitchini, kumene supuni inapachikika pamsomali. "Ndimaitsuka," anatero mwapansipansi.

"Mtengo umamwa, bambo. Munataya thabwa lanu lija chifukwa chiyani?"

A Mbandakucha anakhala pansi pasimenti pomwepo. Munthu amene anakwecha nyumba yonse kuti mkazi wake achire anali atamudwalitsa yekha, supuni imodzi m'mawa uliwonse. Analira osabisa nkhope. Kenako anadzuka, ananyamula botolo lija ndi manja awiri, n'kulunjika kumpopi wapanja.

"Mukupita nalo kuti?"

"Kungalande. Bambo anapita kale. Inu muli moyo."

Mayi atelala anali okwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Koma ataona msana wokalambawo ukutuluka pakhomo, botolo litakumbatiridwa pachifuwa ngati khanda, mkwiyo unawathera.

"Taimani. Sindikufuna kuti anthu azidzati ndinaika apongozi anga m'manda kawiri."

Pamenepo n'kuti a Wailesi atafika kale pampanda ndi nyali ndi chikwanje, atamangira duku chammbali.

"Mwaugwira mzukwawo?"

"Taugwira," anatero mayi atelala. "Ndipo poti ndinu munayamba kuuona, ukagona kwanu."

A Wailesi anakana katatu, kenako anafunsa ngati mzukwawo umaphika buledi. Atamva kuti inde, anatsegula geti okha.

Supuni inapita pamoto m'mawa womwewo, filiji yakufa inatsukidwa n'kuperekedwa kwa ogula zitsulo. M'mimba munatenga nthawi kuti mukhululuke, koma munakhululuka, ndipo ulendo wotsatira dokotala anamwetulira asanalankhule. Masiku ano a Mbandakucha amadyetsa chotupitsa chawo dzuwa likuswa mtengo, m'kashedi ka a Wailesi, ndipo Loweruka amaphikirako mikate imene a Wailesi amaidya akuulutsa nkhani. Akamaliza amavula malaya a ntchito komweko, amasamba pampopi wapanja mpaka m'zigongono, kenako amabwera kudzaima pakhomo la nyumba yawoyawo n'kuodira ngati mlendo. Makina amasiya kulira, mayi atelala amatuluka magalasi ali pamphuno.

"Zikhadabo," amatero.

Ndipo nkhalamba ija imatambasula manja onse awiri, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kudikira kuti mkazi wake ailole kumugwira.