Dzina la Azakhali Agnesi

Tcheni chinaduka kutatsala ola limodzi kuti mpikisano uyambe. Koma abale, masiku onsewa chinali kuti osaduka? Ketilina anaikankha njinga ija akuthamanga, kuphapatiza pakati pa mabenchi a tomato ndi kapenta mumsika wa Kapata, nambala yake ya mpikisano ikupepeluka kumsana. Linali tsiku la amayi, pa 8 Malichi, ndipo atsikana a m'masukulu a m'Chipata anali oti apikisane pa njinga, kuchoka m'tauni, kukatembenukira pamsewu wa ku Mwami, n'kubwerera.

"Anti! Anti! Ndafa ine!"

Azakhali ake, a Agnesi, anadzuka pomwe ankapopa tayala, ovolosi yawo ili bii ndi girizi. Pamwamba pawo panali chikwangwani chomwe wopalasa njinga aliyense m'Chipata amachidziwa: CHIMWAMUNA, CHIPATALA CHA NJINGA.

"Wafa ukuthamanga chonchi? Bwera nayo kuno," anatero akuseka.

Dzina limenelo silinayambe ngati dzina. Pamene a Agnesi ankayamba kukonza njinga, amuna a pamsikapo ankawakuwiza kuti, "Taonani chimwamuna icho! Chidzakwatiwa ndi sipanala!" Analira mwezi wathunthu. Kenaka tsiku lina anagula penti yofiira, n'kulilemba okha mawuwo m'zilembo zikuluzikulu. Onyoza aja anasowa ponyozera. Lero ndi omwewo amene amakhala pamzere ndi njinga zawo, n'kumati, "A Chimwamuna, mutiyambireko ife." Ketilina nkhani imeneyi ankaikonda kwabasi, moti ankainena kwa aliyense womvera ngakhale wosamvera yemwe.

Kunyumba ankakhala atatu. Wachitatu anali a Ruth, mphunzitsi wa pasukulu ina ya pulayimale, munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. A Agnesi ndi a Ruth ankakondana, ndipo anali atakhala limodzi zaka zisanu ndi zitatu. Ketilina atabwera kuchokera ku Chiparamba kudzayamba sekondale, anamukhazika pansi n'kumuuza zoona. Anamuuzanso kuti kunja anthu amangodziwa kuti ndi anzake ogawana nyumba, pakuti nkhani zotere zimatha kumuchotsetsa munthu ntchito, mwinanso kumufikitsa kupolisi.

Tsiku lina Ketilina anawaonetsa mawu amene anawapeza pafoni. "Anti, eti anthu ngati inu amatchedwa malezibiyani?"

"Ena amadzitchula choncho, ndipo dzinalo limawakhala bwino," anayankha a Agnesi. "Ine langa ndinalitola pamsika."

A Ruth anangomwetulira, maso ali pamakope amene ankachonga. Ketilina anaona kumwetulirako n'kuganiza kuti dzina la pamsika lija ndi la onse awiri.

Tsopano zala za a Agnesi zinkathamanga. Anachotsa kachitsulo koduka, analumikiza, anathira mafuta, anazunguza pedulo, tayala lam'mbuyo n'kulira kuti fyuu! "Kwera! Pachitunda usalimbane ndi munthu, udzawapeze potsetsereka. Thamanga!"

Poyambira mpikisano panali anthu osati masewera. Amayi a m'maofesi, a m'mipingo, a m'misika, gulu lililonse ndi chitenje chake, nyimbo ndi nthungululu zili wawawa. A Ruth anali pakati pa aphunzitsi anzawo, onse m'madiresi obiriwira, ahedi awo ali kutsogolo. Ataona Ketilina, a Ruth anamukwezera foni m'mwamba. Ndi foni yomweyo imene ankamuwerengera nayo nthawi m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu, ataima m'mphepete mwa msewu ndi juzi pamapewa, iye akukwera ndi kutsika chitunda.

Pinto yoyambitsira mpikisano inalira. Njinga makumi atatu zinalumpha nthawi imodzi. Ketilina anayamba ali patsogolo. Pachitunda atsikana asanu anamudutsa, mmodzi wa iwo Fathima, mnzake wa m'kalasi, amene anatembenuka n'kumutulutsira lilime. Asa! Miyendo inkamuyabwa kuti amuthamangitse, koma anaugwira mtima. Atatembenuka pambendera yofiira, msewu unagona chotsetsereka. Anawerama, chibwano pafupi ndi handulo, napalasa ngati akuthawa galu. Anadutsa woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Anatsala Fathima yekha, mpango wake ukuuluka. Anthu m'mphepete ankalumpha, ana ankathamanga nawo, wina ankamenya chidebe. Tayala ndi tayala, phewa ndi phewa, ndipo pamzere penipeni Ketilina anatsogola ndi theka la gudumu.

Mayo, chisangalalo chake! Anthu anamunyamula m'mwamba matayala a njinga akadali kuzungulira pansi. A Agnesi ankavina ndi ovolosi yawo yomweyo, sipanala ili m'manja. A Ruth anaiwala ufatsi, anatuluka pamzere wa aphunzitsi akuimba nthungululu mpaka mawu kusasa.

Woyendetsa mwambo, bambo Lyford, anamukwezetsa pansanja namupatsa maikolofoni. "Tiuze, mwana iwe, mphamvu zimenezi wazitenga kuti?"

Ketilina ankapuma wefuwefu, misozi ndi thukuta zitasakanikirana. Anafuna kuti Chipata yense adziwe anthu amene amawanyadira. Analoza kumanzere. "Awo, azakhali anga, a Chimwamuna!" Anthu anakuwa, a Agnesi anakweza sipanala. Kenaka analoza kumadiresi obiriwira aja. "Ndi awo, anti Ruth, a Chimwamuna achiwiri a kunyumba kwathu! Ndimaleredwa ndi zimwamuna ziwiri ine!"

Ena anaseka, ena anaomba m'manja osadziwa kanthu. Koma pagulu la aphunzitsi mitu inatembenuka umodziumodzi. Mayi wina anakanda mnzake ndi chigongono. Ahedi anavula magalasi nawayang'ana a Ruth nthawi yaitali. Nthungululu ya a Ruth inathera pakhosi. Anaika foni m'chikwama, anakonza diresi, nachoka pang'onopang'ono osayang'ana m'mbuyo.

Ketilina anatsika ndi mendulo pakhosi akudabwa. "Anti Ruth apita kuti? Kodi sanamve kuti ndawatamanda?"

A Agnesi sanalinso kuseka. "Amva. Aliyense wamva. Tiye kunyumba."

Anawapeza a Ruth atakhala pakhonde, nsapato atavula. Ketilina anagwada pafupi nawo.

"Anti, ine ndimayesa ndi dzina labwino. Si tonse timalinyadira?"

"Dzinalo ndi langa, Keti," anatero a Agnesi. "Anandigenda nalo ine, ndinalira nalo ine, ndinalilemba ndi dzanja langa nditakonzeka. Likatuluka pakamwa panga limandipatsa mphamvu. Ukaliponya kwa munthu amene sanalitole, limapweteka monga linandipwetekera ine tsiku loyamba."

A Ruth anayankhula chapansipansi. "Ndili giredi seveni anyamata analemba mawu amenewo padesiki langa. Ndinasiya sukulu milungu iwiri. Azakhali ako analigonjetsa, ndipo ndimawasirira, koma ine likadandiluma mpaka lero. La pafoni lijanso ndinaliyesa mumtima, silinandikwane. Sindichita manyazi ndi azakhali akowa, umve bwino. Kungoti sindinapeze mawu anga, ndipo sindinasankhe kuti ahedi anga andimvere pamaikolofoni."

"Ndiye akuchotsani ntchito?" anafunsa Ketilina.

"Sindikudziwa. Ahedi anditumizira uthenga kuti ndikawaone Lolemba m'mawa."

Ketilina analira ngati kamwana. Anavula mendulo n'kuiika pansi, pakuti inkamulemera. "Pepani, anti. Pepani kwambiri. Ndipite ndikawauze kuti ndimangocheza?"

"Ayi, wanena zokwanira," anatero a Ruth, koma anamukoka n'kumugoneka mutu pamiyendo pawo. "Wapalasa bwino lero. Zimenezo nzoona ndithu, ndipo sindikulanda. Za ahedi undisiyire, ndikayankha ndekha."

Lolemba a Ruth anasita diresi lawo la buluu, anatenga makope, natuluka mutu uli chilili. Ketilina anawayang'ana mpaka anakhota pangodya, ndipo anapita kusukulu mtima uli m'mwamba.

Pageti anamulandira ngati mfumukazi. Ena ankafuna kugwira miyendo yake, ena ankafunsa ngati n'zoona kuti apita kukapikisana ku Kasenengwa mwezi wamawa. Fathima anamukumbatira n'kumulonjeza kuti ulendo uno amusiya m'fumbi. Kenaka anamukokera pambali, atsikana ena atatu akutsatira, makutu ali tcheru.

"Iwe Keti, tiuze zenizeni. Zija unanena zija, eti amadamu aja ndi azakhali ako ndi... ujeni? Ndife anzako, sitiuza munthu."

Ketilina, mwana wosasunga mawu mkamwa chibadwire, anamva lilime likumuyabwa. Ankafunitsitsa kuwauza kuti kunyumba kwawo kuli chikondi choposa cha m'nyumba zambiri, kuti palibe chochititsa manyazi. Anatsegula pakamwa, kenaka anaganiza za a Ruth, amene nthawi yomweyo anali ataima okha pakhomo la ofesi ya ahedi.

"Dzina lawo ndi a Ruth," anatero. "Zina akafuna adzanena okha."

"Basi?"

"Basi."

Belu linalira, ndipo Ketilina analowa m'kalasi osawonjezera liwu lililonse.