Boti la Khumi ndi Chitatu

Nkhani iyi si ya pa mowa. Anthu awiri amene anaona ndi maso alipo mpaka lero: Shamima Zubair, amene pano akuphunzitsa za makompyuta ku Zomba, ndi mayi Jestina a ku Malindi, mlembi wa mu ofesi, munthu woti ngakhale zaka zake sachotserako. Wachitatu ndi Che Nasir, koma iwo mukawafunsa amayamba kukamba za kukwera mtengo kwa mafuta. Sizinachitikire kumanda, ndipo sunali usiku. Linali Lachisanu masana, mu ofesi ya zipinda zitatu kuseri kwa msika wa Mangochi, fani ikuzungulira.

Ofesiyo ndi ya kabungwe kena koona za chitetezo cha asodzi. Boti likamanyamuka madzulo, mwini wake amadina nambala pa foni. Likabwera m'mawa, amadinanso. Ikakwana 10 koloko boti lisanadine, pulogalamu ya pa kompyuta imatumiza uthenga kwa mkulu wa bungwe kuti atumize boti la injini likafunefune. Mkuluyo anali Che Nasir, bambo wa mafuta onunkhira ndi makiyi ambiri, amene ankati "pulogalamu yanga" ngati analemba okha.

Amene analemba anali Harold, ndipo Harold anachoka chaka chathachi osatsanzika. Shamima analowa m'malo mwake atamaliza sukulu ya ukachenjede. Anamupatsa sabata ziwiri kuti amange pulogalamuyo mwatsopano, chifukwa Lolemba inkayenera kukaikidwa m'madoko ena asanu, kuyambira ku Makokola mpaka ku Monkey Bay.

Vuto linali ili. Pulogalamuyo inalembedwera makompyuta a Linux, koma a mu ofesi, amene bungwe linachita kupatsidwa, anali a Windows. Ndiye pakati anaikapo pulogalamu ina yotanthauzira, ngati wotanthauzira wa kukhoti, yoti izinamiza inzakeyo kuti ikadali kwawo. Pa laputopu ya Shamima mayeso onse ankadutsa. Pa kompyuta ya mu ofesi, mkati mwa chotanthauziracho, mayeso a mathiredi ankakanika.

"Mathirediwo ndiye chiyani?" anafunsa Jestina tsiku lina atatopa ndi kumva mtsikanayo akutsonya.

"Alembi, mayi. Tiyerekeze kuti m'kompyutamu muli alembi khumi ndi awiri, onse akugwira ntchito nthawi imodzi, koma kaundula ndi mmodzi. Wofuna kulemba ayambe watseka loko, alembe, atsekule, kenako mnzake. Akapanda kutero, awiri amalemba pa mzere umodzi."

"Ndiye ndi amuna amenewo," anatero Jestina. "Kudikirana sadziwa."

Mayesowo ankapanga maboti abodza khumi ndi awiri, BOTI1 mpaka BOTI12, onse n'kudina kamodzi. Kawirikawiri zinkayenda bwino. Koma kamodzi pa maulendo makumi awiri, BOTI8 likadina, kaundula ankalemba kuti labwera ndi BOTI7.

Lachinayi madzulo Shamima anatsegula mbiri ya pulogalamuyo kuti aone mmene Harold ankadutsira pamenepa. Anapeza kuti sankadutsa. Anachita kuwazimitsa mayesowo, ndipo pambali pake anasiya mawu: *Che Nasir akuti tidumphe kaye, alendo akubwera mawa.* Tsiku lake linali mu Juni chaka chatha.

Aliyense ku Mangochi akudziwa zimene zinachitika mu Julaye wa chaka chomwecho. Boti lotchedwa Subira, la Che Iddi, linapita ku usipa ndi anthu asanu, mwera n'kuwapeza pakati pa nyanja. Kompyuta inalemba kuti Subira labwera 6:12 m'mawa. Uthenga sunapite. Injini inanyamuka dzuwa litapendeka, mkazi wa Che Iddi atalira kale pakhomo pa ofesi. Botilo analipeza litatembenuka, ndipo mmodzi mwa asodziwo anali atadzimangirira kwa ilo ndi chingwe cha ukonde, mfundo zitatu zomanga bwinobwino. Munthu womira msanga samanga mfundo zitatu. Anadikira.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi, Che Nasir anaimirira pamaso pa anthu n'kunena mwaulemu kwambiri kuti kompyuta silakwitsa, koma kuti foni ya malemu inatsala kunyumba ndi mkazi wawo, Abiba, ndipo mwina mayiwo anadina osadziwa. Akuchimuna anamva. Anamulanda nyumba ndi maukonde otsala. Abiba tsopano ankagulitsa tomato pa msika, kuseri kwa khoma la ofesi, ndipo Shamima anali atagulako kwa iye kangapo, n'kumapempha basera.

Lachisanu m'mawa analowa mu ofesi ya bwana osagogoda.

"Bwana, mayeso awa anazimitsidwa chaka chatha. Mwa lamulo lanu."

"Abiti Zubair, moni sitipatsananso?"

"Salaam aleikum. Anazimitsidwa mwa lamulo lanu."

Che Nasir anasewera ndi makiyi awo. "Mwanangu, pa laputopu yako akudutsa, si choncho? Ndiye vuto ndi mayesowo, osati pulogalamu. Zimitsa. Ndikabwera ku mapemphero a Juma ndipeze wamanga, wasaina. Ukakanika, atsikana a madigiri adzaza m'tauni muno, ena akugulitsa mayunitsi."

"Nanga mayi Abiba?"

"Tomato wawo watani?"

Shamima anatuluka, chitseko n'kuchisiya chotsegula dala. Ntchitoyo ankaifuna. Anali atakhala pakhomo miyezi khumi ndi inayi asanaipeze, akumva azakhali ake akunena kuti digiri siphikidwa. Ndipo kuzimitsa mayeso ndi mzere umodzi wokha.

Itakwana 12 koloko amuna onse anapita kumzikiti. Mu ofesi munatsala awiri, Shamima ndi Jestina. Msika unazizira phokoso monga umachitira Lachisanu. Shamima anazula waya wa intaneti kuti mayeso asasokonezedwe ndi chilichonse chakunja, n'kuyamba kutsata mzere ndi mzere, mano ali gwa.

Anachipeza pasanathe ola. Pulogalamu inkapempha mtundu wa loko umene chotanthauziracho chinalibe. Chotanthauzira chinkayankha moona mtima kuti sindingathe. Koma pulogalamu sinkamvera yankholo, inkangopitirira ngati loko watsekedwa. Chinthu choti munthu akanakonza tsiku limodzi, akanapatsidwa tsikulo. Shamima anatukwana m'Chiyao mawu amene Jestina ananamizira kuti sanamve. Anasintha loko, anaika mzere woona yankho, n'kulamula kuti mayeso ayende maulendo zana.

Ulendo woyamba unadutsa. Wachiwiri. Wa makumi asanu. Maboti khumi ndi awiri apita, khumi ndi awiri abwera.

Pa ulendo wa zana kompyuta inaima.

Sinazime, sinalembe kuti zakanika. Inangodikira. Pulogalamu yotere simaliza mpaka mathiredi onse atabwerera, ndiye Shamima anatsegula mndandanda kuti aone wotsalira. Anawerenga. Anawerenganso ndi chala.

"Mayi, tabwerani. Muwerenge mizere iyi."

Jestina anavala magalasi. "Khumi ndi itatu."

"Ine ndinapanga khumi ndi iwiri."

Mzere womaliza sunali BOTI13. Unali SUBIRA. Pambali pake panalembedwa kuti ikudikira. Pa malo a nthawi, pamene ena onse anali ndi timasekondi, panali masiku 412.

"Mwina dzinalo linatsalira m'kaundula wakale," ananong'ona Jestina.

"Mayeso sakhudza kaundula weniweni. Ndiponso kompyuta iyi ndinafufutamo zonse ndekha sabata yatha."

Shamima sanachite mantha poyamba. Anapsa mtima. Anaganiza kuti ndi Harold, kuti munthu wamantha uja anabisa msampha m'pulogalamu m'malo moyankhula ngati munthu. Anafufuza dzinalo m'mafayilo onse. Panalibe. Analamula kompyuta kuti iphe thirediyo. Mzere unasowa. Asanachotse dzanja, unabwerera. Masiku 412.

Anaipha kachiwiri. Inabwerera.

Apa m'pamene anamva fungo. Silinali la msika. La msika ndi la nsomba zouma ndi fumbi. Ili linali la ukonde wonyowa ndi parafini wa nyali za usipa. Fani inali ikuzungulirabe, koma mapepala a pa tebulo anasiya kugwedezeka.

"Phazi langa lanyowa," anatero Jestina.

Pansi pa tebulo panali madzi. Ankatuluka pansi pa bokosi la kompyuta, pang'onopang'ono, kutsata mng'alu wa simenti. Munali mchenga. Denga linali louma. Unali mwezi wa Ogasiti.

Kenako kugogoda. Osati pa chitseko. M'kati mwa bokosilo. Go. Go. Go. Ngati munthu akumenya thabwa la boti ndi chikhatho. Kunasiya. Kunayambanso, mofooka.

Jestina anayamba Atate Wathu, n'kuima pakati.

"Zimitsani, chemwali."

"Ayi."

"Zimitsani!"

"Anawazimitsa kale kamodzi, mayi."

Anakhala choncho mpaka anamva nsapato pakhonde. Che Nasir analowa atavala mkanjo woyera, akununkhira, akupukuta pakamwa. Anaona madziwo n'kukweza mkanjo.

"Mwataya chiyani apa? Wamanga?"

"Vuto ndalikonza, bwana. Mayeso akudutsa. Koma kumanga sikukutha. Pali boti silinabwere."

Anawatembenuzira sikirini. Che Nasir anawerama.

"Ndi masewera ako awa."

"Waya wa intaneti ndi uwo, uli pansi. Fufuzani."

"Lemba kuti labwera. Ithe."

"Silinabwere."

"Abiti Zubair, ndikukuuza ngati bwana wako."

"Ndamva. Lembani nokha. Si koyamba."

Che Nasir anamukankha ndi phewa, anakhala pa mpando, mapazi m'madzi. Kulemba pa kompyuta ankadziwa ndi zala ziwiri, koma malo olembapo pamanja kuti boti labwera ankawadziwa bwino. Analemba SUBIRA. Anadina.

Kugogoda kunasiya.

Fani inamveka. Kunja wina anaitanira makasitomala. Che Nasir anapumira m'mwamba, anayamba kumwetulira.

Foni yawo inalira m'thumba la mkanjo.

Anaitulutsa, anawerenga, ndipo sanaibweze. Jestina, amene anaima kumbuyo kwawo, anawerenga nawo, ndipo amabwereza mawuwo mpaka lero osaphonya: *Boti Subira silinabwere. Anthu asanu. Tumizani injini.*

Inaliranso. Uthenga womwewo. Inalira kasanu.

Pa sikirini mzere uja unali pomwepo. Ikudikira.

"Chotsa zinthu zako," anatero Che Nasir, mawu atauma. "Usadzapondenso pano."

Shamima anasindikiza mapepala awiri, la mawu a Harold ndi la mzere umene unkalakwika, Che Nasir akumuyang'ana osatha kudzuka. Anasiya kope la pulogalamu yokonzedwa m'manja mwa Jestina, n'kumuuza kuti yopita kumadoko ikhale imeneyo, mayeso ali oyaka, ndipo wina akadzati tidumphe kaye, adzakuwe mpaka msika wonse umve. Anatenga laputopu yake, anazungulira khoma.

Abiba anali atakhala pa chiguduli, akuthamangitsa ntchentche pa milu ya tomato. Shamima anagwada pambali pake n'kufotokoza zonse, za alembi, za loko, za mzere umodzi. Anati apita naye kwa akuchimuna ndi kwa shehe, akawerenge mapepalawo pamaso pa onse amene anamva zija pa sadaka.

Abiba anagwira mapepalawo mozondotsa. Sanalire.

"Ine ndinkadziwa kuti sindinadine," anatero. "Foniyo inalibe moto kuyambira dzulo lake. Ndinanena. Anati mkazi akudziwa chiyani za makina." Anawapinda bwinobwino n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje. Kenako anayang'ana khoma la ofesi. "Ndiye mwati akudikirabe?"

"Eya, mayi."

"Nanga injiniyo atumiza?"



Mapepalawo anawerengedwa Lamulungu lotsatira, pabwalo la akuchimuna, ndipo Abiba anabwerera m'nyumba yake. Pulogalamu yokonzedwa ikugwira ntchito m'madoko asanu aja, ndipo sinalembepo boti lolakwika. Kompyuta ija anaizula, anaitsekera m'chipinda chosungira katundu, pamwamba pa mipando yothyoka. Jestina akuti amakolopamo m'mawa uliwonse, ndipo m'chikolopa mumatsala mchenga.

Che Nasir asintha nambala katatu. Anayesapo kukhala sabata yathunthu opanda foni, uthengawo n'kufikira pa foni ya akazi awo. Mukafuna kudzionera nokha, khalani nawo pafupi nthawi ikamayandikira 10 koloko m'mawa. Amayamba kuyankhula mokweza, za mafuta, za mpira, za chilichonse, dzanja litagwira thumba.

Injini sanatumizebe.