Galasi la Kumanzere

Lemani ananyamuka ku Norton mdima utagwa kale. Anapiye amene mwana wake Georgina anamutuma anafika mochedwa kuchokera ku Harare, ndipo pomwe ankanyamula katoni yake n'kuti masitolo atatseka. Unali mwezi wa Juni, mphepo ikuluma makutu.

Pikapu yake inali yakale, ndipo khalidwe lake aliyense pa komboni ankalidziwa. Hita yake inkatenthetsa mbali ya dalaivala yokha. Kumanja mapazi ankachita thukuta, kumanzere kukutuluka mphepo yozizira ngati ya m'dambo. Makaniko wina adamuuza kuti kachitseko kogawa mphepo m'katimo kadauma. Lemani adangogwedeza mutu, osakonzetsa. Malemu mkazi wake, Emelia, adakhala mbali imeneyo zaka zambiri atafunda bulangete, akudandaula kuti galimotoyo ili ndi tsankho. Ndi iye yemwenso adathyola chopukusira galasi la mbali yakeyo, ndipo kuyambira pamenepo galasilo silidatsikenso. Chopukusiracho chinkangogubuduka m'kabokosi ka kutsogolo.

Tsono usiku umenewu pampando wa Emelia panali anapiye a tsiku limodzi. Anapiye otere akazizidwa amaunjikana n'kuferana m'njira. Georgina anali atatha mwezi akumanga khola ndi manja ake, ndipo mawu ake potsanzikana anali ochepa: "Baba, afike amoyo."

Lemani anaima pa Matilda, mayi wowotcha chimanga pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kumeneko, yemwe adakulira pa komboni yawo yomwe. Anatulutsa chitini cha penti chobowolabowola n'kupempha makala a moto.

"Sekuru, mwayamba kuwotchera chimanga m'mota? Mukufuna kundilanda msika?" anatero Matilda akuloza pikapuyo, akumuitana monga amaitanira azigogo kumeneko.

"N'za anapiye."

"Ndiye musiye kampata pagalasi. Makala alibe chibale."

"Kampatako n'komwe kamalowetsa chisanu."

"Inu ndi mutu wanuwo! Malemu mai ake a Georgina akanakhalapo mukanamva."

Lemani anaika chitinicho pa njerwa, pansi pa mpando wa kumanzere. Anatseka galasi lake mpaka pamwamba, n'kutsekanso ndi chiguduli kampata ka pachitseko. Kwa nthawi yoyamba chigulireni, pikapuyo inafunda mbali zonse ziwiri. Anapiye ankalira mokondwa. Naye anamva kukoma, n'kumadzifunsa chifukwa chake nzeru imeneyi sidamubwerere Emelia ali moyo.

Atasiya msewu wa tala analowa msewu wafumbi wodutsa m'mapulazi. Anadutsa mabalani a fodya opanda madenga, n'kutsetserekera kudambo kumene nkhungu imagona pamlatho. Kutsidya kwa mlathowo kuli manda akale a anthu a pa komboni, pansi pa mabulugamu. Pamenepo nyali zake zinaunika munthu ataima m'mbali mwa msewu, atavala jasi lalitali la mlonda ndi chipewa chaubweya.

Munthuyo sanakweze dzanja. Anangoima.

Lemani sankanyamula anthu usiku. Koma mu Juni munthu samusiya mnzake padambo. Anaimitsa pikapu, n'kukokera katoni pakati.

"Kwerani. Samalani moto pansipo."

Munthuyo anakwera mwakachetechete, n'kuyang'ana chitinicho nthawi yaitali.

"Mukupita kuti, achimwene?" anafunsa Lemani.

"Pageti lakale. Ndili pa ntchito."

Kalankhulidwe kake kanali ka anthu a ku Tete, kamene Lemani anali asanakamve kwa zaka. Koma pageti lakale la pulazi yawo palibe wogwirapo ntchito. Kanyumba ka mlonda kadatsala zipupa zokha chichokereni mwini pulaziyo. Lemani anafuna kufunsa, n'kusiya.

Atayenda pang'ono anaona chinthu chachilendo. Galasi la kutsogolo linali litachita nthunzi mbali yake, moti ankalipukuta ndi mkono. Mbali ya mlendoyo linali mbee, ngati palibe wopuma. Anatambasula dzanja lamanzere pamwamba pa katoni. Pa katonipo panali pofunda. Anasuntha dzanja pang'ono... zala zinalowa m'chisanu ngati waziviika mumtsuko. Analibweza: kutentha. Analipititsanso: chisanu. Malire ake anali owongoka ngati chipupa.

Hitayo ankaidziwa bwino, koma izi inali isanachitepo. Anasuzumira chitini. Makala a mbali ya mlendo anali atada, a mbali ya katoni akuyakabe psuu.

"Mwazizidwa kwambiri," anatero Lemani. "Yandikirani moto."

"Ndidauyandikira kale," anayankha munthuyo. "Zidakwana."

Msewu unayamba kukoma. Mabampu sankamvekanso. Mutu unkagunda pang'ono m'mbalimu, koma thupi lonse linali lofewa ngati la munthu wosamba madzi otentha. Zikope zinalemera. Lemani anaganiza za Emelia ndi bulangete lake, ndipo zinkakhala ngati akumva fungo la sopo wake.

"Tulo timeneti n'tokoma," anatero mlendo. "Palibe tulo tokoma ngati timeneti."

"Sindikugona."

"Mverani ana anuwo."

Lemani anatchera khutu. Injini inkalira. Chopukusira chinkagubuduka m'kabokosi. Koma m'katoni... zii!

Anafuna kuponda buleki. Phazi linakana. Anafuna kutsitsa galasi lake. Dzanja linagwera pantchafu ngati la wina. Mabulugamu anayamba kupendekeka. Nyali zinkaunika udzu. Udzu wokhawokha.

"Ine ndinalibe anapiye ondichenjeza," anatero mawu aja, chapafupi ndi khutu lake.

Kenako kunamveka kulira kwa chitsulo chadzimbiri. Kwiii... kwiii... Galasi la kumanzere linali kutsika! Galasi la Emelia! Mphepo ya m'dambo inalowa ngati mbama.

Lemani anatembenuza maso. Dzanja la munthuyo linkazungulira pachitseko, pamalo opanda chopukusira. Pakamwa pake sipankatuluka nthunzi. Nkhope yake inali yofatsa, ngati ya munthu wogona bwino.

Mdima.

Anadzidzimuka mano akugundana. Pikapu inali itaima m'udzu, injini itazima, patsogolo penipeni pa kanyumba ka mlonda kopanda denga. Mutu unkawawa ngati wamenyedwa ndi mpini. Anatsegula chitseko n'kusanza. Atabwerera anapeza mpando wa kumanzere uli wopanda munthu, chitseko chake chili chokhoma. Chitini sichinali pansi paja. Anachiona panja, chitaima bwinobwino pa njerwa yake pakhomo la kanyumbako, makala ali ozizira.

"Achimwene!" anaitana. Panalibe woyankha.

Ndiye m'katoni munamveka kamawu kamodzi. Kenako kena. Lemani anavula jekete lake n'kukulunga katoniyo, anaikanikiza kunthiti kwake, n'kuyendetsa mtunda wotsalawo ndi dzanja limodzi, mphepo ikuwomba m'galimoto monse.

Georgina anali akudikira panja ndi tochi. Anatsegula katoni pafupi ndi moto wa m'khola. Anapiye angapo a pakona yoyang'ana chitini anali atauma. Ena onse anadzandira, n'kuyamba kujompha madzi.

"Baba, jekete lili kuti? Nanga galasili mwalitsegula bwanji?"

"Mawa," anatero Lemani, n'kukagona chitseko chili pululu.

M'mawa kunabwera a Bauleni, mnansi wake, amene adayendetsa thalakitala pa pulaziyo kuyambira Lemani asanasamukireko. Anazungulira pikapu akuseka.

"Ha! Zaka zonsezi mkazi akupempha mphepo mu Okutobala, iwe ukalitsegule mu Juni?"

Lemani anafotokoza mwachidule. Chitini. Mlatho. Jasi la mlonda. Kalankhulidwe ka ku Tete. Pomwe anatchula geti lakale, a Bauleni anali atasiya kuseka.

"Chipewa chaubweya, chofiira?"

"Eya."

"Jasilo lopsa pamkono wamanzere?"

Lemani anaganiza kaye. "Lopsa."

A Bauleni anakhala pachitsa, n'kuvula chipewa chawo.

"Ameneyo ndi Joze. Ankalondera pageti nthawi imene mabalani ankafuka utsi. Chaka china Juni adavuta. Adalowa ndi mbaula m'kanyumba kaja, n'kutseka mipata yonse ndi masaka a feteleza. M'mawa ndidaimba hutala mpaka kutopa, geti osatseguka. Titathyola chitseko tidamupeza atakhala pampando, mkono uli pambaula, nkhope ngati akulota zabwino. Georgina wakoyu asanabadwe n'komwe. Manda ake ndi oyamba ukangowoloka mlatho. Ndidakumba nawo ine."

Georgina anagwira pakamwa. Lemani anatsegula kabokosi, anatenga chopukusira chija n'kuchilowetsa pa kachitsulo ka pachitseko. Anakanikiza. A Bauleni nawo anayesa ndi pulayala. Kachitsuloko kanali kogwirana ndi dzimbiri, kosasuntha ngakhale pang'ono, ndipo galasi linali pansi penipeni.

"Mupite nayo kwa makaniko, Baba," anatero Georgina. "Akweze galasili, akonzenso hitayo. Mudzafa ndi chisanu."

"Hitayo akonze."

"Nanga galasi?"

Lemani anabweza chopukusira m'kabokosi n'kutseka.

"Lisiye. Anatsegula ndi mlonda."