Suti ya Kaputeni Yathina

Tsiku limene Telala anayamba ntchito ku kampani yojambula mafilimu, anamupatsa kachipinda kopanda windo, makina osokera awiri ndi mulu wa nsalu zonyezimira ngati mapepala a masiwiti. Kampaniyo inkajambula gawo lachiwiri la filimu ya anthu opita mumlengalenga. Gawo loyamba linathera pamene chombo chawo chinamva mawu achilendo ochokera kutali. Tsopano anthu a m'chombomo anayenera kukumana ndi mwini mawuwo maso ndi maso, ndipo zovala zawo zonse zinali m'manja mwa Telala.

Woyamba kubwera kudzayezedwa anali mnyamata wamtali, wa maso oseka. Iyeyu ndi amene ankasewera ngati cholengedwa cha kudziko lina chija, motero aliyense ankangomutchula kuti Mlendo.

Telala anamuuza kuti atambasule manja. Tepi itafika pachifuwa, Mlendo anawerama n'kunong'ona.

"Chemwali, pamenepo muyeze mwachangu. Mtima ukudumpha, mulemba nambala zabodza."

Telala anaseka mpaka pini imene analuma inagwera pansi. Anadziuza kuti anyamata a mafilimu ndi otero, pakamwa pawo ndi pa shuga. Koma nanga bwanji nambala ya pachifuwayo anailembadi molakwika?

Chovala cha Mlendo chinali cha labala, cholemera ndiponso chotentha, ndipo chinkang'ambika m'khwapa pafupipafupi. Poyamba kunali kung'ambika kwenikweni. Kenako Telala anazindikira kuti mwiniwake ankachita kusolola ulusi dala kuti apeze chifukwa chobwerera m'kachipindako. Atamufunsa, Mlendo sanakane. Anangoti singano ndi yokhayo imene imamulola kuima pafupi ndi munthu amene amamufuna.

Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe", ndipo foni ya Telala inasowa mtendere.

"Nyenyezi yanga, wafika bwino? Minibasi imene yakutenga ndikuichitira nsanje."

"Uchi wanga, lero andiuza kuti ndiyang'ane kumwamba ngati ndikukumbukira kwathu. Ndimaganiza za iwe, ndipo akuti ndasewera bwino."

Masana ena, atakhala kuseri kwa chombo chamatabwa chopakidwa utoto wasiliva, Mlendo anamugwira dzanja n'kulonjeza. "Filimu ikangotha ndikupita kukadziwika kwa makolo ako. Tsiku loionetsa koyamba udzakhala pambali panga, aliyense adzaone kuti ndiwe wanga." Anangopempha chinthu chimodzi chokha, kuti abise kaye. Anati wotsogolera filimu sankafuna zibwenzi pantchito, ndipo akanamva, mmodzi wa iwo akanachotsedwa.

Telala anauza achemwali ake okha, omwe ankakhala nawo nyumba imodzi. Iwo anaseka, namufunsa ngati amuna a pansi pano atha kuti mpaka akatenge wa kumwezi. Kenako anasiya kuseka n'kumuuza kuti asamale, chifukwa munthu amene ntchito yake ndi kunamizira sadziwika tsiku limene akunena zoona. Telala anakwiya, nawayankha kuti iwo sakumudziwa.

Kenako mameseji anayamba kuchepa. Amene ankabwera m'mawa anayamba kufika masana, amasana osabweranso. Telala akafunsa, Mlendo ankati akutopa, labala akumumaliza, mawu oti aloweze achuluka. Mawu ake ati? Cholengedwa chakecho sichinkalankhula n'komwe, chinkangolira ngati mphepo ya m'botolo.

Telala anasowa pokhazikika. Foni ankaiika pamakina, kuitembenuza, kuibisa m'dirowa, kenako kuitulutsanso. Tsiku lina anasokerera mkono wa suti chozondoka. Tsiku lina anadzibaya chala, magazi n'kudonthera pansalu yoyera. Ankapeza zifukwa zopitira kumene ankajambulira, n'kuima kuseri kwa magetsi akuluakulu, tepi ili m'khosi, kumayang'ana munthu wake atabisala m'chimutu chobiriwira cha chovala chake chija.

Masiku amenewo osewera ankayeserera chigawo chachikulu cha filimu yonse, pamene mkulu wa chombo akumana ndi cholengedwacho. Amene ankasewera ngati mkulu wa chomboyo anali mayi wina wodekha, amene onse ankamutchula kuti Kaputeni. Iye ankaika dzanja lake pagalasi, Mlendo n'kuika lake mbali inayo, n'kuyang'anizana nthawi yaitali. Telala mtima unkamuwawa, koma ankadzidzudzula yekha. Si ntchito imeneyi? Komanso Kaputeni anali munthu wabwino. Ankamuitana kuti mng'ono wanga, ankamugawira tiyi wa m'fulasiki yake, ndipo ndi yekhayo amene ankathokoza akalandira chovala.

M'mawa wa tsiku lojambula chigawo chimenecho, Kaputeni analowa m'kachipinda ka Telala atanyamula suti yake, natseka chitseko. Anati zipi ikukana kukwera, ndipo anapempha kuti sutiyo imasulidweko m'chiuno mwachangu wina asanaone.

Telala anazunguliza tepi, nayang'ana nambala, nayezanso. Anadzutsa maso. Kaputeni ankamwetulira, misozi ili m'maso.

"Wadziwa eti, mng'ono wanga? Ndine woyembekezera."

Telala anamukumbatira ndi mtima wonse, namufunsa mwanthabwala kuti mlamu wakeyo ndi ndani amene wakhala akubisidwa chonchi. Kaputeni anaseka mwamanyazi. Anati zinayambira pa gawo loyamba la filimu lija, ndipo kusunga chinsinsi kwamutopetsa.

"Ndi Mlendo. Koma chonde usauze munthu. Akuti tibise kaye mpaka filimu ithe, akuopa bwana."

Tepi inapulumuka m'manja mwa Telala. Anafuna kukhala chete, kusoka sutiyo, kupita kwawo n'kukalirira pamiyendo ya achemwali ake. Koma mayi anali patsogolo pakeyo anali atagwira mimba yake ndi manja awiri, akumuyang'ana ngati m'bale wake.

"Achemwali," anatero Telala, "inenso anandiuza zomwezo."

Kaputeni sanamvetse msanga. Anafunsa ngati Telala akutanthauza kuti Mlendo anamuuza kale za chibwenzi chawocho. Telala anapukusa mutu. Kumwetulira kuja kunazimiririka pang'onopang'ono, ndipo Kaputeni anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala.

Pomwepo chitseko chinatseguka. Analowa Mlendo, thupi lonse lili m'labala, chimutu chija atachikolera m'khwapa.

"Nyenyezi yanga, tandiona apa pang'ambi..."

Onse awiri anatembenuka. Mlendo anaima pakhomo, pakamwa pali yasa.

Anayamba kulankhula zambirimbiri. Kwa Kaputeni anati Telala anali mnzake chabe, wongocheza naye. Ataona nkhope ya Telala anasintha, nati mtima wake unagawanika ndipo sankadziwa chochita. Anati ankafuna kuulula filimu ikatha. Analumbira, natchula mayi ake, nayesa kugwada koma labalayo sanamulole kupinda mawondo.

Kaputeni anangomufunsa funso limodzi, ngati Telala ankadziwa za iye. Mlendo anayang'ana pansi.

Kunja wina ankamenya zitseko, kuitana kuti magetsi ayaka, onse apite pamalo awo. Mlendo anatambasulira dzanja Telala. "Uchi wanga, ndimvere kaye."

Telala anabwerera m'mbuyo. "Tulukani, bambo. Muno mukuvala azimayi."

Mlendo anatuluka, mapazi ake a labala akukhwekhwereza pansi.

Chitseko chitatsekeka, Kaputeni analira ngati mwana. Anati sangathe kupita kukaika dzanja pagalasi lija n'kumuyang'ana m'maso munthu ameneyo. Telala nayenso misozi inali chuchuchu, koma anamupukuta nkhope ndi kansalu kotsala, namuuza kuti filimuyi ndi yake, dzina lake ndi limene lidzalembedwe pamwamba, ndipo asalole kuti munthu mmodzi amulande zonse tsiku limodzi.

"Nanga iweyo, mng'ono wanga?"

Telala sankadziwa ngati mawa adzabwera kuntchito, kapena mmene akawayang'anire achemwali ake kunyumba. Anakhala pamakina, natembenuza suti ija, nayamba kumasula msoko wa m'chiuno. Ulusi unakana kulowa pasingano kangapo konse, mpaka Kaputeni anadzuka n'kumulowetsera.

Makina analira. Telala anawonjezera kansalu m'mbali zonse ziwiri, ndipo mkati anapindiramo nsalu ina yambiri, yodzamasula mimba ikamakula.