Mwanapiye Wakuda wa Ellina

Ellina anali ndi nkhuku imodzi. Dzina lake linali Tsumba. Tsumba anali wofiira. Pamutu pake panali nthenga zoimirira.

Tsumba anaswa anapiye asanu. Anayi anali ofiira. Mmodzi anali wakuda bii. Ellina ankakonda wakudayo kuposa onse.

Masabata anapita. Anapiye anakula.

Tsiku lina kunabwera a Nabanda a nyumba yoyandikana. A Nabanda ankaweta nkhuku zakuda za mikolongwe. Ankazinyadira ngati ana awo.

"Mwanapiye wanga mmodzi wasowa," anatero a Nabanda. "Si ameneyu? Nkhuku yofiira singaswe mwana wakuda chonchi. Mawa ndibwera ndi dengu."

Ellina anayang'ana mwanapiye wake. Mtima unamuwawa kwambiri.

Masana amayi anamutuma matemba kwa a Kalinde. A Kalinde ankagulitsa pamsewu wopita ku Namadzi. Ankakulunga matemba m'mapepala akale. Koma pepala lililonse ankayamba aliwerenga kaye. Wogula azidikira.

Pepala la Ellina linali ndi chithunzi. Panali nyama ziwiri mumtengo. Zinali ndi manja aatali.

"Agogo, awa ndi apusi?" anafunsa Ellina.

"Iyayi, mwanawe. Taona, alibe mchira. Awa ndi magiboni. Amakhala kutali, ku Asia."

A Kalinde anawongola pepala lija.

"Akuti alipo a mitundu ingapo. Koma kalekale makolo awo anali amodzi. Onse ndi pachibale. Nthawi zina bambo amakhala wa mtundu wina. Mayi naye wa mtundu wina."

"Nanga mwana amafanana ndi ndani?"

"Amatenga uku, amatenga uku. Ngakhale nyimbo yake. Pang'ono ya bambo, pang'ono ya mayi."

Ellina anaganizira mawu aja. Amatenga uku, amatenga uku. Kenako anathamangira kunyumba. Matemba anatsala pabenchi.

Anagwira mwanapiye wakuda uja. Anayang'ana mapiko. Anali akuda. Anayang'ana miyendo. Inali yakuda. Anayang'ana pamutu. Tinthenga titatu tinali titangoyamba kuimirira.

M'mawa a Nabanda anabwera ndi dengu. Ellina anagwada. Anawaonetsa mwanapiye uja.

"Amayi, taonani pamutupa. Nkhuku zanu zili ndi tsumba?"

A Nabanda anaonetsetsa. Anayang'ana Tsumba. Anayang'ananso mwanapiye.

"Zanga zilibe," anatero.

"Kudaku watengera tambala wanu. Tsumbali watengera mayi ake."

Pomwepo tambala wakuda analira pampanda. Anali tambala wa a Nabanda. Anadumphira pabwalo ngati kwawo.

A Nabanda anaseka mpaka misozi.

"Kani bambo uyu amadzacheza kuno eti? Pepa, mwana wanga. Wangayo ndiye kuti anatengedwa ndi kabawi."

Anapita ndi dengu lopanda kanthu. Mtima wa Ellina unakhala pansi. Anakumbatira mwanapiye wake.

Posakhalitsa a Nabanda anabweranso. M'dengu munali madeya.

"Mwabweretsera ndani?" anafunsa amayi a Ellina.

"Mdzukulu wanga," anatero a Nabanda. "Ali kuti wa tsumba uja? Adye."

Ellina anamwaza madeya pansi. Tsumba anadya. Tambala anadya. Mwanapiye wakuda anadya pakati pawo.